Mwana akukana kudya, ndipo ena akuti chikhulupiriro changa n'chochepa

Mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina lake. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndili ndi ana awiri. Wamkulu ali ndi zaka zinayi, wamng'ono ndi mtsikana wa chaka ndi miyezi itatu. Mwezi watha wamng'onoyu anatsegula m'mimba masiku asanu. Anachira, koma kuyambira pamenepo chakudya sakuchifuna. Akangoona supuni amatseka pakamwa n'kutembenukira kubere. Kusikelo andiuza kuti sanakwere. Apongozi akuti ndimusiyitse kuyamwa chifukwa bere ndi limene likumukhutitsa. Amayi ena a kumpingo akuti ndisale kudya masiku atatu ndipo ndisiye kuthamangira kuchipatala, popeza kutero n'kukayikira Mulungu. Usiku ndimangolira. Kodi ndalakwa pati, nanga ndichite chiyani?"

Amayi anzanga, simunalakwe paliponse. Zimene mukufotokozazi zimachitikira ana ambiri a msinkhu umenewu, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Mwana akatsegula m'mimba, m'kati mwa matumbo, momwe chakudya chimalowera m'thupi, mumawonongeka. Chimbudzi chimatha kubwerera mwakale matumbowo asanapoleretu, ndipo chilakolako cha chakudya ndi chimene chimabwera pomaliza. Pamwamba pa apo pali msinkhu. M'chaka choyamba mwana amakula mofulumira kwambiri: akamakwanitsa chaka amakhala akulemera pafupifupi katatu mmene anabadwira. M'chaka chachiwiri chonse amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu basi. Thupi likachepetsa liwiro, njala nayonso imachepa. Ndi nthawi yomweyonso imene mwana amazindikira kuti akhoza kukana, ndipo pakamwa ndi malo amodzi amene amawalamulira yekha. Zitatuzi zakumana pa mwana wanu nthawi imodzi.

Izi sizikutanthauza kuti nkhani ya sikelo muinyalanyaze. Mwana amene wangodwala kumene akapanda kukwera mwezi umodzi sizodabwitsa, koma amafunika kubweza zimene anataya, ndipo sikelo ndiyo idzakuuzeni ngati akubwezadi. Maso a mayi amene amaona mwana tsiku lililonse sazindikira msanga akamachepa pang'onopang'ono.

Za bere, yankho langa n'lakuti musamusiyitse, makamaka panopa. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyambirira, kenako azidya zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Pakati pa miyezi 12 ndi 23, mkaka wa m'mawere umatha kupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zimene mwana amafuna, kuphatikizapo zomuteteza ku matenda. Mwana amene akukana china chilichonse koma akuyamwa ali ndi pogwira. Mukamuchotsera bere lero poyembekezera kuti njala imukakamiza kudya, mukhoza kupeza kuti wataya zonse ziwiri, chifukwa mwana wofooka sachita njala ngati mmene timachitira akulu. Amangolefuka.

Komabe apongozi anu aona chinthu choona, ngakhale kuti njira imene akupereka siili bwino. Mwana akayamwa mpaka kukhuta kenako n'kumuikira mbale, sadya. Ndiye sinthani dongosolo lokha: masana, chakudya chizitsogola, bere lizibwera pambuyo. M'mawa akadzuka, madzulo ndi usiku ayamwe mmene akufunira. Ndipo musalimbane nawo apongoziwo. Akulankhula chifukwa nawonso akuda nkhawa ndi mdzukulu wawo. Apempheni akuperekezeni kusikelo akamve okha kwa anamwino. Mawu omwewo amamveka mosiyana akachokera kwa munthu wa chipatala kusiyana ndi akachokera kwa mpongozi wawo wamng'ono. Mukhozanso kuwapempha kuti azimudyetsa ndiwo chakudya chimodzi patsiku, inu muli patali pang'ono. Ana ambiri amadya bwino pamene bere silikuoneka pafupi.

Tsopano za kadyetsedwe, pomwe pali ntchito yeniyeni. Kamimba ka mwana wa msinkhu uwu kamadzaza ndi chakudya chokwana kapu imodzi, mwinanso osafika. Choncho funso lofunika si lakuti wadya zochuluka bwanji pa nthawi imodzi, koma lakuti m'masupuni ochepa amene walolawo munali chiyani, ndipo mwamupatsa kangati. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba ndi madzi. Likhale lokhuthala moti mukapendeketsa supuni lisamayenderere. Muthiremo kasupuni ka mafuta ophikira, kapena mtedza wopera bwino, kapena mkaka. Dzira lophika mpaka kupsa, nyemba zophwanyaphwanya, nsomba yochotsa minga, nyama kapena chiwindi chodula tinthu ting'onoting'ono, masamba obiriwira, chipatso chakupsa: zimene muli nazo m'nyumba, mosinthasintha. Chochokera ku nyama, kaya dzira, kaya nsomba, kaya mkaka, yesetsani chipezeke tsiku lililonse ngakhale chochepa, chifukwa zimamanga thupi, ndipo ayironi ndi zinki (michere yothandiza magazi ndi kukula) zimene zili mu nyama ndi nsomba thupi limazitenga mosavuta.

Mwana wa chaka chimodzi kufika ziwiri amafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku, ndi tina tokhwasula kamodzi kapena kawiri pakati. Akachoka kudwala, muwonjezere chakudya chimodzi tsiku lililonse kwa masabata awiri, kapena mpaka sikelo itabwerera. Mukamuikira pang'ono n'kumaliza, mumuwonjezere. Mbale yodzaza imamuopsa iyeyo ndipo imakukhumudwitsani inuyo. Akhale ndi mbale yakeyake kuti mudziwe zimene wadyadi, koma adyere limodzi ndi mkulu wake uja. Mwana wa zaka zinayi amene akudya mosangalala pambali pake amaphunzitsa bwino kuposa kunyengerera kwathu konse. Musambitseni m'manja ndi sopo, inunso musambe, kenako mulekeni agwire chakudyacho yekha. Adzadzipaka, china chidzagwa pansi, koma ana ambiri okana supuni amadya akatola okha.

Tiyi, zakumwa zotsekemera, maswiti ndi tokhwasula ta m'mapaketi muzichotse kaye. Ndikudziwa chimene chimatichititsa: mwana akakana zonse, mtima umati bola alowetse kenakake. Koma zimenezi zimapha njala osamanga thupi, ndipo tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya, pomwe ana a msinkhu uwu ndi amene amachepa magazi kawirikawiri.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musamukakamize. Kumupana pamiyendo, kumugwira manja, kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, kumuthira phala akulira: izi zimachitika m'nyumba zambiri, ndipo amene amachita ndi amayi okonda ana awo amene agwidwa ndi mantha. Koma mwana amene akulira akhoza kutsamwa, chakudya n'kulowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Ngakhale zitapanda kutero, amaphunzira kuti supuni ndi nkhondo, ndipo mawa amayamba kulira mbale isanafike. Khalani naye maso ndi maso, mulankhuleni, muyesereni, akakana dikirani pang'ono n'kuyesanso. Pakatha mphindi 20 kapena 30 chotsani mbale mosakalipa, mudzayesenso pakapita maola awiri. Chakudya chimene wakana lero musachitaye mtima. Ana ena amafunika kuchiona kakhumi kapena kupitirira asanachilandire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikudziwa kuti kudekha n'kovuta pamene usiku sunagone.

Mukabwerera kuchipatala, ndipo ndikuti mubwerere, pali zingapo zoti mufunse. Kodi pamene anatsegula m'mimba analandira mankhwala a zinki pamodzi ndi ORS, madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi? Zinki amayenera kumwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya, chifukwa amathandiza matumbo kupola ndipo amachepetsa mwayi woti matendawo abwererenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Amayi ambiri amasiyira panjira mwana akangooneka bwino. Apempheni amuone m'kamwa, popeza zilonda kapena zoyera za palilime zimapweteka mwana akamadya koma amatha kupirira akamayamwa. Amuonenso m'makutu, m'zikhatho ndi m'zikope ngati magazi ali okwanira, ndipo aone m'buku lake ngati nthawi ya vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba yakwana. Amuyezenso mkono ndi kalamba koyezera kunenepa kwa mkono, pakati pa phewa ndi chigongono: kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu, mkono ukachepera masentimita 12.5 ndiye kuti wayamba kunyentchera, ukachepera 11.5 ndiye kuti zafika poopsa ndipo akufunika chithandizo chapadera.

Palinso zizindikiro zimene sizidikira tsiku la sikelo kapena kuti kuche. Mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, akalefuka moti akuvuta kudzutsa, akamapuma mothamanga (kokwana 40 kapena kupitirira pa mphindi imodzi kwa mwana wa chaka chimodzi kufika zisanu) kapena chifuwa chikamalowa m'kati popuma, chimbudzi chikakhala ndi magazi, maso akalowa, kapena mapazi onse awiri akatupa, nyamukani nthawi yomweyo. Pempherani muli m'njira.

Izi zandifikitsa pa mbali ya kalata yanu imene yandipweteka kwambiri. Ine ndine wokhulupirira, ndimapempherera ana anga, ndipo sindikayika kuti Mulungu amamva. N'chifukwa chake sindingavomereze kuti kupita ndi mwana kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro. Taonani nkhani ya mwana wa Yairo pa Marko 5. Yesu atamudzutsa mtsikana uja, anthu ali kakasi ndi chozizwitsa, Iye anawauza kuti amupatse chakudya. Mphamvu ya Mulungu inali itagwira ntchito m'chipindamo, komabe mwanayo ankafunika kudya, ndipo ntchito imeneyo anaisiyira makolo. Pa 2 Mafumu 20, mfumu Hezekiya anapemphera akulira, Mulungu anamulonjeza kuti achira, ndipo mneneri Yesaya yemweyo amene anabweretsa uthengawo analamula kuti aike nkhuyu zouma pachithupsa chake. Palibe pamene Yesaya anadzudzulidwa kuti wakayikira. Luka, amene analemba Uthenga Wabwino ndi buku la Machitidwe, Paulo amamutchula kuti ndi dokotala wokondedwa pa Akolose 4:14.

Funso lanu lakuti mwalakwa pati, ophunzira a Yesu anafunsanso lofanana nalo pa Yohane 9 ataona munthu wobadwa wosaona. Ankafuna kudziwa ngati anachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Mwana wanu anatsegula m'mimba chifukwa tizilombo tinalowa m'kamwa mwake, monga zimachitikira pafupifupi mwana aliyense amene akuyenda, kukwawa ndi kulawa chilichonse chimene watola. Ana a abusa amatsegula m'mimba, ana a madokotala nawonso. Si chilango.

Za kusala kudya masiku atatu, sindikukulangizani. Mayi woyamwitsa amafunika chakudya ndi madzi ochuluka kuposa nthawi zina zonse, ndipo inu panopa ndinu amene mwana akudalira, usana ndi usiku. Mipingo yambiri imene ili ndi nyengo zosala kudya imamasula amayi apakati ndi oyamwitsa, ndipo Chisilamu nachonso chimalola mayi woyamwitsa kusiya kusala pa Ramadan akaopa za thanzi lake kapena la mwana. Ngati mtima wanu ukufunitsitsa kupereka kenakake kwa Mulungu, salani zina: foni, wailesi, macheza, n'kupereka nthawiyo ku pemphero. Kumbukiraninso Eliya pa 1 Mafumu 19. Atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanamuuze kuti asale. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, n'kumuleka agonenso, kenako n'kumudyetsanso kachiwiri, chifukwa ulendo unali wautali.

Amayi a kumpingowo musawaone ngati adani. Ambiri amanena zoterezi chifukwa ndi zimene anamva, ndipo akufuna kuthandiza. Apatseni chochita. Auzeni kuti mukufuna mapemphero awo, abwere kunyumba adzapemphere nanu, ndipo ngati wina akumva kuti asale m'malo mwanu, asale. Wina atenge wamkulu uja kwa maola angapo, wina akuphikireni, wina akuperekezeni kuchipatala. Akapitiriza kunena kuti musapite, ayankheni mwaulemu kuti mwamva, koma mwana mupita naye. Simukufunika chilolezo cha munthu aliyense pa zimenezi. Ngati akukupanikizani, kambiranani ndi abusa anu kapena mayi wina wamkulu amene mumamukhulupirira.

Simunatchule za bambo a ana m'kalata yanu. Ngati alipo, nkhaniyi ndi yawonso: adyetseko mwana, adzukeko usiku, ndipo pokambirana ndi amayi awo za bere atsogole ndiwo. Ndiponso kulira kwa usiku kuja ndakumva. Kutopa ndi mantha zimaliritsa aliyense, koma mukaona kuti papita masabata awiri kapena kuposa muli wachisoni tsiku lililonse, tulo sitikubwera ngakhale mwana atagona, chakudya inunso simukuchifuna, kapena mukuganiza zodzipweteka, muwauze a chipatala pa ulendo womwewo. Matenda a maganizo amagwira amayi ambiri olera ana aang'ono, ndipo chithandizo chake chilipo.

Pitani kuchipatala sabata ino ndi mafunso aja, ndipo apempheni kuti mwana adzamuyezenso pakatha masabata awiri m'malo modikira mwezi wathunthu. Ngati pa nthawiyo sikelo ikhale isanasunthe, kapena yatsika, pemphani kuti amuone dokotala kuti afufuze ngati pali matenda ena amene akubisala. Ndikukupemphererani inu ndi ana anu awiri, ndipo mudzandilembere mukachokako.