Funsani Adokotala: Mwana Akadwala Mwakayakaya

Funso: Mdzukulu wanga wa zaka zitatu anakomoka ndi malungo, ndipo anamutumiza ku Blantyre kwa madokotala a ana odwala mwakayakaya. Kodi iwowo amachita chiyani chomwe kuno ku Mangochi sichingatheke? (Agogo a ku Namwera)

Yankho: Pepani ndi matenda, agogo. Mankhwala a malungo aakulu ndi omwewo, kuno ngakhale ku Blantyre: jakisoni wa artesunate, mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse kwa mwana wosafika makilogalamu 20, pofika, pakatha maola 12, kenako pa maola 24. Chosiyana n'chakuti madokotala amenewa amagwirizira thupi la mwana kuti lisagonje mankhwalawo asanagwire ntchito.

Malungo akafika mu ubongo, ubongowo umatupa ndipo mwana akhoza kusiya kupuma. Apa dokotala amalowetsa kapaipi kukhosi n'kulumikiza ku makina opumira a ventilator. Ntchito yovuta imayamba pamenepo. Mpweya ukachuluka mphamvu mapapo amavulala. Kapaipi kakatsekeka ndi makhololo kapena kakasuntha pang'ono, milomo imada nthawi yomweyo. N'chifukwa chake namwino sachoka pabedi. Diripinso amachita kuyeza malinga ndi sikelo ya mwana, chifukwa madzi akachuluka amadzaza m'mapapo. Chithandizo chotere chimapezeka ku Mercy James Centre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, malo omwe anatsegulidwa mu 2017. Mabedi ake ndi ochepa, choncho si aliyense wokomoka amene amatumizidwa.

Koma musapeputse za kuno. Ambulansi isananyamuke, mwana ayezedwe shuga, chifukwa shuga akatsika mwana amakomoka ngati kuti malungo afika mu ubongo, pomwe diripi ya shuga ikhoza kumudzutsa. Okosijeni m'magazi akatsika kuposa 90 peresenti, ayende ali pa mpweya. Magazi akachepa kwambiri, aikidwe asanayambe ulendo.

Kunyumba, mwana akachita linjirinjiri mugonekeni chammbali. Musamuike supuni m'kamwa kapena kumumwetsa chilichonse, angatsamwe. Werengani kapumidwe kake mphindi yathunthu: wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mothamanga. Ngati chipatala chili kutali, alangizi a zaumoyo ali ndi artesunate woika kumbuyo, koma ameneyo ndi wa panjira chabe. Pofika, musakhale pamzere. Uzani namwino kuti mwana wakomoka.