Yankho kwa mlamu pa nkhani ya mwana ndi ndalama

Mlamu, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu lija ndaliona, loti mnyamata wanu wa zaka 8 mukampatsa ndalama sizigona, tsiku lomwelo zatha, ndiye mumuphunzitse bwanji kusunga. Ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa polemba ndisiya zambiri.

Poyamba, chonde musamutchule dzina loti wowononga. Mwana wa msinkhu umenewo mawa amaliona kutali kwambiri. Koma ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinalakwitsa ine, chifukwa mpaka lero zimandipweteka. Mwana wanga woyamba uja, ali ndi zaka 7, ndinampatsa chitini, ndipo anasunga bwinobwino miyezi itatu. Tsiku lina zinthu zinathina pakhomo, ndinatsegula chitini chija n'kutapamo, mumtima ndikuti ndibweza mawa. Sindinamuuze, ndipo sindinabweze. Atachinyamula n'kumva kupepuka, sanalire ayi, anangondiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ndalama ikangofika m'manja mwake, liwiro kukagula. Ine n'kumadandaula kuti mwana sasunga, chonsecho ndinamuphunzitsa ndine kuti chosunga chimadyedwa ndi ena.

Patapita zaka ndinawerenga za kafukufuku wa pa yunivesite ya Rochester ku America, amene anasindikizidwa mu 2013. Anatenga ana 28 a zaka 3 mpaka 5. Anawalonjeza kuti akadikira pang'ono awabweretsera zojambulira zabwino. Theka la anawo anawabweretseradi, enawo anawauza kuti pepani, palibe. Kenako aliyense anampatsa switi imodzi n'kumuuza kuti ukapirira osadya, ndikuwonjezera ina. Ana amene lonjezo lawo linakwaniritsidwa anadikira pafupifupi mphindi 12, onamizidwa aja mphindi zitatu zokha. Nditawerenga ndinangoti kakasi, chifukwa ndinaona mwana wanga m'gulu lachiwirilo. Eti mlamu, mwana amadikira akadziwa kuti wamkulu sanama.

Ndiye yambirani pamenepo. Muzimpatsa kandalama kochepa, kofanana, pa tsiku lodziwika sabata iliyonse, ndipo tsikulo lisaphonye. Bola kochepetsetsa koma kosaphonya, kusiyana ndi zambiri zobwera mwa apo ndi apo. Mupezereni mabotolo atatu oonekera mkati, lina la zogula pompopompo, lina losunga, lina lothandizira ena. Loonekera mkati ndi labwino chifukwa amaona ndi maso ake zikukwera. Chimene akusungira asankhe yekha, ngakhale inu muchione ngati chachibwana, ndipo chikhale choti afikira m'masabata atatu kapena anayi. Za chaka chathunthu zidikire akakula.

Pakutha pa mwezi muziwerengera limodzi, mulembe m'kope, ndiye pa ndalama 10 zilizonse zimene wasunga inu muwonjezerepo imodzi. Mwezi wotsatira aona kuti yowonjezera ija nayonso yawerengedwa. Chiwongoladzanja achimvetsa choncho, popanda kumuphunzitsa masamu ovuta. Ndipo tsiku limene inu mwasowa n'kufuna ndalama zake, pakuti masiku oterowo amabwera, mumupemphe, mulembe m'kope lomwelo ngati ngongole, mutchule tsiku lobweza, n'kubwezadi ndi kapamwamba.

Tsono pali china chovuta kwa ife amayi. Akagula chidole chosalimba n'kuthyoka tsiku lomwelo, kapena akamaliza zonse Lolemba n'kumasirira anzake Lachinayi, mtima umafuna kumuwonjezera. Limbani mtima, mlamu. Musamuseke, musanene kuti ndinakuuza, ingokhalani naye pansi n'kumufunsa kuti sabata yamawa achita bwanji. Kulira kumeneko n'kotchipa ali ndi zaka 8. Ali ndi zaka 28, malipiro atatha pa 5, amalira ndi banja lonse.

Pokagula zinthu muzimutenga. Lembani mndandanda muli kunyumba, augwire ndi iyeyo. Alipire yekha, awerenge chenji, afananize mitengo ya zinthu ziwiri zofanana. Akaona chimene sichili pamndandanda, mumuuze kuti tigone kaye, mawa ukachifunabe tikambirana. Zambiri pofika mawa amakhala waiwala. Komanso mawu oti "ndilibe ndalama" pamene wakuonani mukulipira zina amamusokoneza. Ndi bwino kunena zoona, kuti ndalama ilipo koma ili ndi ntchito yake. Aa, ndisaiwale za pafoni. Ana a masiku ano amaganiza kuti ndalama zimangotuluka m'foni kapena m'makina a kubanki osatha. Muzimuonetsa nambala musanalipire ndi mutalipira, aone kuti yatsika, ndipo adziwe kuti inalowamo chifukwa wina anagwira ntchito.

Akadzafika zaka za kusekondale, botolo lidzachepa, chifukwa mitengo ikamakwera ndalama yongokhala imachepa mphamvu. Pamenepo ndiye mudzamutsegulire akaunti. Panopa sitinafikeko.

Ndipo nonse amene mukumva muno, agogo, amalume, azakhali, mukamampatsa mwanayu ndalama musamangoti kagule switi. Muzimufunsa kuti botolo lako lafika pati. Achimwene nawonso mugwirizane nawo, mlamu, asamapereke mobisa pamene inu mwakana.

Madzulo ano mumufunse chimene akulakalaka kwambiri, mundiuze, tiwerengere limodzi kuti zimutengera masabata angati.