Kachipangizo kolembedwa Palm m'sutikesi ya bambo

Achimwene, mwafunsa za kachipangizo kolembedwa Palm komwe mwapeza m'sutikesi ya malemu bambo anu ku Luchenza, kuti ndi foni kapena ayi, nanga bwanji sitikuonekanso.

Si foni ayi. Tizipangizo totere tinkatchedwa PDA, ndipo ntchito yake inali ya dayale: kusunga manambala, kalendala ya misonkhano ndi tizolemba. Ine ndinakaona koyamba kwa bwana wina wa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ankasolola kandodo ka pulasitiki m'mbali mwake n'kumakanda pagalasi, ife akalaliki tili kukamwa yasa. Madzulo ankakakhazika pa kampando kake kolumikiza ku kompyuta kuti zonse zikoperedwe. Kukoperako kunali kofunika, chifukwa mitundu yoyambirira inkayendera mabatire awiri a AAA, ndipo akatheratu zolemba zonse zinkafufutika.

PDA yoyamba ya kampani ya Palm, yotchedwa Pilot, inatuluka mu 1996. Chinapha ma PDA n'chakuti munthu ankayenda ndi zinthu ziwiri, foni thumba ili, PDA thumba linalo. BlackBerry itabweretsa imelo pafoni, kenako iPhone mu 2007 ndi Android mu 2008, zonse zinalowa m'chinthu chimodzi, chojambula zithunzi komanso cholowa pa intaneti. Ndani akanavutikanso? Kampani ya makompyuta ya HP inagula Palm mu 2010, chaka chotsatira n'kusiya kupanga zipangizozo.

Kunotu tizipangizoti sitinafale n'komwe, tinali todula. Ambirife tinachoka pa kope kupita pa Nokia.

Musakataye. Tsegulani kumbuyo muone ngati mabatire akale sanawolere momwemo, mupukute, muikemo atsopano. Mwina kayaka, koma manambala a bambo musayembekezere kuwapeza.