Filimu ya njoka za m'sutikesi ija ndi Venom ya 2005

Amwene, mwafunsa dzina la filimu yomwe munaonera kalekale ku vidiyo sho, ya bambo wolumidwa ndi njoka zotuluka m'sutikesi, n'kumira m'madzi, kenako n'kudzuka n'kuyamba kupha achinyamata, komanso ngati ndi yoyenera kuisakanso. Imeneyo ndi Venom ya 2005. Amene akukulozerani ya Tom Hardy ya 2018 akukusocheretsani, ija ndi ya Marvel. Palinso ina ya 1981 ya dzina lomweli, ya njoka ya black mamba yomwe inatayika m'nyumba ina ku London, koma mmenemo mulibe zamizimu.

Yanuyo anaitsogolera Jim Gillespie, ndipo nkhani yake ikuchitikira m'madambo a ku Louisiana, ku America. Gogo wina wodziwa za voodoo, Miss Emmie, akufukula sutikesi usiku. Njoka zomwe zili mmenemo ankazigwiritsa ntchito poyamwa zoipa za anthu ochimwitsitsa, ndiye zanyamula mizimu ya zigawenga zambiri. Ali m'njira, galimoto yake ikuchita ngozi pa mlatho n'kulendewera m'mphepete. Amene akuthamangira kukathandiza ndi Ray, mwini galimoto yokokera magalimoto owonongeka, munthu wa chipsera kumaso yemwe ana a m'tauniyo ankangomuseka ndi kumunena. Akumutulutsa gogoyo, gogoyo n'kumuchonderera kuti abwerere akatenge sutikesi. Ray akulowanso, galimoto ikugwera m'madzi, sutikesi ikutseguka.

Apa m'pamene filimuyi inandigwira mtima. M'mafilimu ambiri a mtundu uwu, wakuphayo amakhala woipa kuyambira pachiyambi, kapena amabwezera zomwe anamuchita. Ray sakubwezera chilichonse. Wafa pothandiza munthu, ndipo thupi lake likusenza machimo a anthu omwe sanawadziwe n'komwe. Mukamuona atatuluka ku nyumba yachisoni atagwira chitsulo chake chija, mantha amabwera limodzi ndi chisoni. Chimandiwawa n'chakuti opanga filimu anaisiya panjira nkhani yabwinoyi. Ikangofika pakati, yasanduka mpikisano wamba, uyu wathawa, uyu wakuwa, uyu wabayidwa, ndipo njoka zina zimachita kuoneka kuti n'zapakompyuta.

Komabe muli malo awiri osaiwalika. Achinyamata aja athawira m'nyumba ya gogoyo chifukwa ndi yotsirika, Ray sangalowe. Iye osavutika, akungokoleka tcheni cha galimoto yake ku nyumbayo n'kuigwetsa mbali imodzi kuti awatulutse. Kwinako Cece, mdzukulu wa gogo uja, yemwe mbali yake inaseweredwa ndi Meagan Good, akugwiritsa ntchito mtembo wa Sean, mwana wa Ray, ngati chidole chopwetekera bambo akewo popeza magazi ndi amodzi. Pamenepo ine thupi linachita tsembwe.

Koma musatengere filimuyi kuti voodoo ili choncho. Chipembedzo chimenechi chinachokera kwa anthu a ku West Africa omwe anatengedwa ukapolo, ndipo ku Haiti ndi ku New Orleans mzimu wa njoka wotchedwa Damballa amaulemekeza ngati wamtendere ndi wopatsa moyo. A ku Hollywood anangotolapo zoopsezera anthu.

Sinatchuke kwenikweni, ndipo nthawi yomwe inatuluka inali yoipa: mu September 2005, patangopita masabata ochepa mphepo ya mkuntho ya Katrina itamiza New Orleans. Ndani akanalipira kukaonera anthu akufera m'madzi a ku Louisiana, pamene zenizeni zinali pa TV tsiku lililonse?

Ioneni, amwene, makamaka chifukwa cha theka loyambalo. Posaka lembani Venom 2005 Agnes Bruckner, dzina la mtsikana yemwe anasewera ngati Eden, mmodzi wa achinyamata aja, apo ayi azingokubweretserani ya Marvel. Ana ayambe agona kaye, muli magazi ambiri.