Bezi gitala ilire ngati bezi yaikulu yoimirira: yankho kwa achimwene a ku Katete

Achimwene a ku Katete, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma magetsi anali atathima ndipo foni inatsala pang'ono kuzima, n'chifukwa chake ndikuyankha lero. Mwati mumakodola bezi gitala ya zingwe zinayi m'bandi ya kutchalitchi, ndipo aphunzitsi a kwaya akufuna kuti pa nyimbo zodekha bezi izimveka ngati ija yaikulu yathabwa, yoimba munthu ataimirira, imene ena amaitcha upright kapena double bass. Mwafunsa ngati mugule pedal, kabokosi koponda ndi phazi kosintha mawu a gitala, kapena musunge ndalama kuti mudzagule bezi yopanda mafureti, tizitsulo tija topingasa pa khosi la gitala. Ine ndikuti mwezi uno musagule chilichonse. Pezani kachidutswa ka siponji, ndipo musunthe malo amene chala chanu chimakodola chingwe.

Tiyambe ndi khutu, chifukwa ambiri timalakwa pomwepa. Timaganiza kuti bezi yaikulu imadziwika ndi kulemera kwa mawu, ndiye timapotoza batani la bass pa ampu mpaka kumapeto, treble n'kuipheratu. Chimatuluka n'chiphokoso chongoti wuuu, malata a tchalitchi ali njenjenje, amayi a alto osamva noti imene mwagwira. Bezi yaikulu simveka choncho. Noti yake imabadwa ndi mphamvu, dum, kenako imafa msanga. Ya bezi gitala imabadwa mofewa n'kukhala, kukhalabe, mpaka mutaigwira nokha. Chifukwa chake chili m'thupi la chidacho. Bezi yaikulu ndi bokosi lamphako lotalika ngati munthu wamkulu, zingwe zake zotalika mainchesi pafupifupi 41 kapena 42 pamene za bezi gitala wamba ndi 34. Chingwe chikagwedezeka chimapereka mphamvu zake ku thabwa lopyapyala, thabwa n'kukankha mpweya, mphamvuzo n'kutha mwachangu. Bezi gitala ndi chithabwa chogwirana chimene sichilanda mphamvu, motero chingwe chimangolirabe. Ntchito yanu yonse, achimwene, ndi yofupikitsa moyo wa noti popanda kupha mutu wake.

Kwa ife a kum'mawa kwa Zambia kuno mawu amenewa si achilendo. Amene tinakulira kumudzi tikuikumbukira babatoni ya anyamata a bandi, mtengo wautali wolowetsa m'ng'oma yachikopa, waya n'kumangapo. Inkati du, du, du, noti iliyonse yonenepa koma yosachedwa kuzima, ndipo anthu ankavina mpaka fumbi kobo. Ikani mawu amenewo m'mutu mukamayesa zimene ndikunenazi. Ali pafupi kwambiri ndi zimene aphunzitsi anu akufuna kusiyana ndi bezi ya m'nyimbo za pa kompyuta zimene zadzaza pa wailesi.

Tsopano siponji. Tengani yatsopano yotsukira mbale, muchotse mbali yokhakhala ija, kapena pemphani zotsala kwa okonza mipando. Kuno ku Chipata ine ndimazipeza cha ku Kapata ndipo nthawi zambiri amangondipatsa ulere. Dulani kachidutswa kotalika kokwana zingwe zonse zinayi, m'lifupi masentimita 2 kapena 3, mukalowetse pansi pa zingwe moyandikana kwambiri ndi bridge, chitsulo chimene zingwe zatsamirapo kumunsi kwa gitala. Kazikhudza zingwe, koma kasazinyamule. Apa m'pamene pafunika kufatsa. Siponji ikachepa noti imalirabe ngati kale. Ikachuluka noti imangoti phwa, yopanda dzina, ndiponso imakwera pang'ono, makamaka mukamapita kumtunda kwa khosi. Zinandichitikirapo pa ukwati wina ku Petauke. Ndinaikamo chisiponji chokhuthala cha matiresi m'mawa womwewo, osayesa. Zingwe zosagwira zinkamveka bwino, koma nditafika pa fureti ya 7 ndinaona woimba kiyibodi akundicheukira, ndipo nyimbo yolowera mkwatibwi inaonongeka m'makutu mwanga ngakhale anthu ankalulutira. Zinandipweteka, chifukwa banja lija linatikhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo ndikaika siponji ndimachunanso bezi ndi tuner, n'kuyesa noti ya pa fureti ya 12 pa chingwe chilichonse. Ikakwera ndimasenga siponji ndi leza pang'onopang'ono mpaka ikhale bwino. Chingwe cha G sichifuna siponji yambiri ngati cha E, ndiye mutha kuidula mopendekera.

Musaone ngati ndi nzeru za umphawi. Pamene Leo Fender, wopanga magitala wa ku America, anatulutsa bezi gitala yotchedwa Precision Bass mu 1951, ankafuna kuti ilowe m'malo mwa bezi yaikulu m'mabandi, ndipo ma Precision akale ankabwera ndi chofewetsa mawu chomatidwa m'kati mwa chivundikiro chachitsulo cha pa bridge. James Jamerson, amene anaimba bezi m'nyimbo zambirimbiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown ku Detroit, anayamba ndi bezi yaikulu. Atasamukira ku Precision anasiya siponjiyo pamalo pake, zingwe zake zinali zosalala za La Bella zimene sankazisintha pokhapokha zitaduka, ndipo ankakodola ndi chala chimodzi chokha. Anabweretsa dzanja la bezi yaikulu pa chida chamagetsi.

Dzanja limeneli ndilo ndikufuna muthere nthawi yambiri. Ambiri timakodolera pamwamba pa pickup, kachipangizo kotola mawu pansi pa zingwe, kapena kufupi ndi bridge, ndi nsonga za zala ziwiri. Pamenepo chingwe n'cholimba ndipo mawu ake ndi akuthwa. Sunthani dzanja lipite kumene khosi lathera, ngakhale pamwamba penipeni pa mafureti omalizira. Chala chachikulu chitsamire m'mphepete mwa khosi. Ndiye pendeketsani dzanja kuti chala chamkombaphala chigone motsatira chingwe, chikhudze ndi mnofu wa m'mbali, kuyambira kunsonga mpaka pa mfundo yoyamba kapena kupitirira. Kokani chingwe ndi mkono wonse, chala chikagwere pa chingwe chinzake. Mnofu wochuluka ndiwo umapereka dum uja. Masiku oyamba mudzatuluka thuza m'mbali mwa chala, malo amene sanazolowere ntchito, ndipo liwiro lanu lidzatsika. Musadandaule nazo, nyimbo zodekha sizifuna liwiro. Pali njira ina yachidule, yogoneka mbali ya chikhatho pa zingwe pafupi ndi bridge n'kumakodola ndi chala chachikulu. Ubwino wake ndi wakuti mutha kusintha pakati pa nyimbo, vesi mwafewetsa, kolasi mwatsegula, pomwe siponji ikalowa yalowa. Pa mapemphero amene nyimbo yodekha imatsatana ndi yovina popanda mpata, ine ndimagwiritsa ntchito imeneyi. Koma pojambula nyimbo, siponji ndi chala cham'mbali zimandikomera kuposa.

Za zingwe. Ngati zanu n'zakale, zoti zinasiya kalekale kung'anima, muli ndi mwayi. Musaziwiritse m'madzi monga timachitira tikafuna kuti zilire ngati zatsopano. Kufa kwakeko n'kumene mukufuna. Tsiku limene mudzakhale ndi ndalama, muthere pa zingwe zosalala, zimene amazitcha flatwound. Zingwe wamba amazikulunga ndi waya wobulungira, n'chifukwa chake zimakhakhala ndipo zimalira tswii chala chikamatsetsereka. Zosalala amazikulunga ndi kachitsulo kophwatalala, monga zilili zingwe zambiri za bezi yaikulu. La Bella, D'Addario Chromes ndi Thomastik-Infeld ndi mayina oti mufunse. N'zodula kuposa zingwe wamba, ine zanga ndinachita kuitanitsa ku Lusaka zinabwera pa basi, koma zimakhala zaka zambiri ndipo zimakoma zikamakalamba. Chromes zikakhala zatsopano zimakhala zakuthwa ndithu, zipatseni milungu ingapo. Muchenjere ndi chinthu chimodzi: zambiri mwa izi zimakoka khosi mwamphamvu kuposa zingwe wamba, kupatula za Thomastik zimene n'zofewa. Khosi likapindika pamafunika kusintha truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi, ndipo ngati simunachitepo, pezani munthu wodziwa, chifukwa kukakamiza chitsulo chimenecho kumapha gitala. Palinso zingwe zokutidwa ndi nayiloni yakuda, monga Rotosound Tru Bass 88. Mawu ake ali pafupi kwambiri ndi thabwa, koma n'zonenepa moti zimatha kukana kulowa m'timipata ta nut, kachidutswa kamene zingwe zimadutsapo kumutu kwa khosi, ndipo poti chala sichikhudza chitsulo, kulira kwa magetsi kuja kumene kumasiya mukagwira zingwe sikusiya. M'matchalitchi athu ambiri, mmene mawaya a magetsi alibe earth yabwino kapena tikuyendera jenereta, zimenezi zimasowetsa mtendere.

Kwezaninso zingwe pang'ono pa bridge ndi ka Allen key, chingwe cha E chifike pafupifupi mamilimita 3 pamwamba pa fureti ya 12. Mukatero mutha kukoka mwamphamvu popanda chingwe kumenya mafureti. Kulira kwa chitsulo pa chitsulo ndiko kumaulula msanga kuti iyi ndi bezi gitala.

Pa mabatani sindichedwapo. Ngati bezi yanu ili ndi ma pickup awiri, tsegulani la kufupi ndi khosi, la ku bridge mutseke kapena mungosiya pang'ono. Batani la tone mulibweze kufika cha pa kota, osalitsekeratu, chifukwa kakhwa ka chala kaja n'kofunika kuti noti ikhale ndi mutu. Pa ampu, bass ikhale pakati kapena kutsikirapo. Chingwe cha E chosagwira chimalira pa 41 Hz, kutanthauza kugwedezeka ka 41 pa sekondi, koma bezi yaikulu situlutsa kwambiri mawu apansi choncho. Zimene khutu limamva kwenikweni zili pamwambapo, kuyambira cha m'ma 80 Hz. Ndiye ngati ampu ili ndi batani la low mid, la mawu apakati otsikirapo, kwezani limenelo pang'ono, treble mutsitse. Compressor muzimitse, ntchito yake ndi yotalikitsa noti, chimene tikulimbana nacho. Ndipo ampu muichotse pangodya ya chipinda, muikweze pampando. Simenti ndi ngodya zimanenepetsa mawu apansi mpaka kuphimba chilichonse chimene mwakonza.

Chatsala ndi kaimbidwe, ndipo ndikuuzeni moona kuti ndaonapo anthu ali ndi siponji, zingwe zosalala, zonse, koma akumvekabe ngati bezi gitala chifukwa zala zikuthamanga monga mwa masiku onse. Bezi yaikulu n'chida cholemetsa. Manoti ake ndi otalikirana, moti kumunsi kwa khosi woimba amagwiritsa ntchito zala zitatu, chamkombaphala, chapakati ndi chaching'ono, cha mphete chimangothandizira. Kuvuta kumeneku ndiko kumaumba nyimbo yake. Amakhala kwambiri m'mafureti asanu oyambirira, titero kunena kwake poti iyo ilibe mafureti, amadalira zingwe zosagwira E, A, D ndi G kuti dzanja lipeze mpata wosamuka, ndipo akafuna kukwera amakwera pa chingwe cha G m'malo mokagwira manoti apamwamba pa zingwe zonenepa. Tsanzirani zimenezi. Pa nyimbo ya mabiti anayi, yambani ndi manoti awiri okha pa mabiti anayi aliwonse, pa biti yoyamba ndi yachitatu, muzu wa kodi (chord) ndi noti yake yachisanu. Siyani mpata pakati, kwaya ipume. Pa kolasi ndiye mutha kuyenda noti imodzi pa biti iliyonse, ngati munthu woyenda mosapupuluma. Apo ndi apo ponyani kanoti kogontha, kokodola chingwe dzanja lamanzere litangochigwira osachikanikiza, katsogolere noti yeniyeni. Tsetserekani kulowa m'noti kuchokera fureti imodzi pansi, koma osati paliponse. Slap, kumenya zingwe ndi chala chachikulu kuja, ndi kuthamanga kwa sebene zisungireni nyimbo zovina.

Mulankhulenso ndi anzanu m'bandi, mwaulemu. Woimba kiyibodi akamagunda manoti apansi ndi dzanja lamanzere, iye ndiye akhala bezi, ndipo noti yanu yofa msanga ija idzamira m'mawu ake okhalitsa. Apempheni akwere pakati pa kiyibodi pa nyimbo zimenezi. Wa ng'oma achepetse phazi pa kick, ndipo ngati ali ndi maburashi, awatulutse.

Pedal imene mukuiganizirayo ndinayesapo ya mtundu umenewo, ndipo ndinaibweza kwa mwini wake patatha sabata. Imasintha mtundu wa mawu, koma singafupikitse noti monga siponji, ndiponso singakupatseni mnofu wa chala. Bezi yopanda mafureti ndi chida chokoma, koma ili ndi mawu akeake, otalika, ong'ung'udza, ndipo popanda siponji ndi dzanja lija imapita kutali ndi bezi yaikulu kuposa imene muli nayo. Komanso imafuna miyezi yophunzitsa khutu, apo ayi mudzasokoneza kwaya yonse. Ngati mudzaifunabe chaka chamawa, mudzaigule chifukwa mwaikonda payokha.

Aphunzitsi anu muwauze zoona: mukaimba nokha m'chipinda, wodziwa adzazindikira kuti si bezi yaikulu, chifukwa mpweya wotuluka m'bokosi lathabwa sungatuluke m'chithabwa chogwirana, ndipo mawu a uta wokwecha pa zingwe simungawapeze. Koma pansi pa mawu a kwaya, pa nyimbo yodekha, kusiyanako kumachepa kwambiri. Pojambula, ikani maikolofoni ina pafupi ndi dzanja lanu lamanja kuti itole kakhwa ka chala pa chingwe, musakanize pang'ono ndi mawu a ampu.

Pa pulakatisi ya Loweruka likubwerali, ikani foni kumbuyo kwa tchalitchi, muimbe vesi imodzi monga mumaimbira, kenako vesi yomweyo ndi siponji ndi dzanja kumapeto kwa khosi. Mutumize zonse ziwiri muno m'gulu, munenenso mtundu wa bezi ndi ampu yanu, ndidzamvetsera n'kukuuzani ngati siponjiyo ikufunika kusenga.