Ndege yobwera chammbali sinawonongeke, achimwene

Achimwene, kavidiyo mwaika m'gulu muno ndakaonera. Mukufunsa ngati ndege ija inafa chiwongolero, poti ikutsika mphuno italoza kutchire pomwe msewu woterapo uli kutsogolo kwake. Ena ayankha kale kuti woyendetsa anali atalawako kachasu. Asiyeni amenewo. Munthu uja ntchito yake amaidziwa, ndipo akanati alunjikitse mphuno mumsewu pa mphepo yoomba chammbali ngati imene ija, bwenzi atakatera m'munda wa eni.

Ife a ku Salima sitifunika kulongosoleredwa zambiri. Mukamawoloka Linthipe madzi atadzaza, simulozetsa bwato padoko lomwe mukufuna kukakocheza. Mumalozetsa kumtunda, madzi n'kumakutsitsani mpaka mufike pomwe mumafuna. Ndege nayo imayandama mumpweya umene ukuyenda. Mphepo ikamachokera kumanja, woyendetsa amatembenuzira mphuno kumanja komweko, ndege yonse n'kumatsata mzere wa pakati pa msewu ngakhale ikuoneka ngati ikupita kwina. Njira imeneyi pa maphunziro awo amaitcha crab, kutanthauza nkhanu. Ndipo kupendekako sikukhala kwakukulu monga maso amationetsera: ndege ikamatsika pa liwiro la ma knot 140, mphepo yammbali ili pa 30, mphuno imapatuka ndi madigiri 12 okha. Knot imodzi ndi pafupifupi makilomita 1.85 pa ola. Ojambula amaima kutali kumapeto kwa msewu n'kukoka chithunzi ndi kamera, n'chifukwa chake zimaoneka zoopsa kuposa mmene zilili.

Asanafike pamenepo, nkhondo ina inamenyedwa kale ndi amene anamanga bwalo. Ndege imafuna kutera moyang'anizana ndi mphepo, choncho msewu amaulozetsa kumene mphepo ya dera limenelo imakonda kuchokera. Manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewu ndi a kampasi. Wa pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ndi 14 mbali ina, 32 mbali inayo. Nambala 14 ikutanthauza madigiri 140, kumwera chakum'mawa, komwe kumachokera mwera amene amatsekereza asodzi athu pamtunda kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mwera akamaomba, ndege yotera pa 14 imakumana naye maso ndi maso, ndipo imatera mosavuta. Ku Chileka kuli misewu iwiri, 10/28 ndi wina waufupi 15/33. Vuto limabwera mphepo ikapanda kumvera mapulani a omanga, makamaka nthawi ya dzinja pamene mtambo wa mvula ya mabingu umatha kutembenuza mphepo m'mphindi zochepa.

Ndiye a pansanja yoyang'anira ndege pabwalo amamuuza woyendetsa pa wailesi kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, iye n'kuwerengetsera m'mutu. Tinene kuti akutera pa 14, ndipo amuuza kuti mphepo ikuchokera pa madigiri 170 ndi ma knot 20. Yapatuka ndi madigiri 30, choncho theka lokha, ma knot 10, ndi limene likumukankha chammbali. Ikapatuka ndi 45, gawo lokankhalo limafika pa 14. Ikapitirira 60 amangoiwerenga yonse ngati yammbali.

Koma luso lenileni lili m'masekondi omaliza, matayala atatsala pang'ono kugunda phula. Matayala akuluakulu a ndege sakhota. Akagunda pansi ndege ikuyang'anabe kumbali, miyendo yake imapotokola ndipo ndege imafuna kuthamangira kumene mphuno yaloza. Ndiye woyendetsa, pomwe akudzutsa mphuno pang'ono kuti kutsika kuchepe, amaponda pedulo. Kumapazi kwake kuli mapedulo awiri amene amatembenuza tsigiro loimirira kumchira. Akaponda, mphuno imabwerera mumzere wa msewu. Pompo mavuto awiri amabadwa. Mphepo imayamba kukankhira ndege m'mphepete, komanso phiko la mbali ya mphepo limafuna kudzuka. Dzanja liyenera kuyankha nthawi yomweyo, kutsitsa phiko limenelo pang'ono. Phazi likukankhira kwina, dzanja likukankhira kwina, maso ali kumapeto kwa msewu. Kawirikawiri tayala la mbali ya mphepo ndi limene limayamba kugunda, kenako linzake, la kutsogolo n'kumalizira. Akafulumira kuponda, mphepo imapeza mpata womuchotsa pakati. Akachedwa, amatera chopingasa.

Tindege ting'onoting'ono, ngati timene timatengera alendo ku Likoma, timakonda kutsitsa phiko kuchokera patali ndithu n'kubwera chopendama mpaka pansi. Ndege yaikulu singachite zimenezo mopyola muyeso. Mukadzaiona Boeing 737 itaima pabwalo, muyang'ane mpata wa pakati pa injini ndi phula, mudzaona kuti ndi wochepa zedi. Kupendamitsa kwambiri ndi kukhulitsa injini kapena nsonga ya phiko pansi. Pa chifukwa chimenechi, mphepo ikakula oyendetsa ena amawongola mphuno pang'ono chabe n'kutera ndegeyo idakapatukabe, makamaka msewu ukakhala wonyowa, ndipo miyendo ya ndege zimenezi inapangidwa kuti ipirire. Ya nkhondo ya ku America yotchedwa B-52 inapita patali: matayala ake amatha kutembenuzidwa kuti aloze mumsewu pomwe thupi lonse likuyang'ana kumphepo.

Amene munakwerapo ndege n'kumva kuti gu! pogunda pansi, n'kunena mumtima kuti woyendetsayu ndi wophunzira kumene, mwina munamulakwira. Pa mphepo yamphamvu saitereka monyengerera. Amaikhazika pansi motsimikiza kuti matayala agwire msanga, ndipo amabweranso ndi liwiro loonjezera pang'ono kuopa kuti mphepo ingaduke mwadzidzidzi ndege n'kutsika mosayembekezereka. Ikangogunda, mukakhala pa windo la pamapiko mumaona zitsulo zikudzuka pamwamba pa phiko. Ntchito yake ndi kupha mphamvu youluka kuti kulemera konse kukhale pa matayala. Ngakhale apo nkhani sinathe. Mchira wa ndege ndi chikhoma chachikulu, mphepo ikauomba mphuno imafuna kutembenukira kumphepo, choncho mapazi amagwirabe ntchito mpaka liwiro litatsikiratu.

Ndege iliyonse ili ndi nambala yake ya mphamvu ya mphepo yammbali yotera nayo, imene opanga anaiyesa n'kuilemba m'buku. Ya Airbus A320 ndi ma knot 38, pafupifupi makilomita 70 pa ola. Ka Cessna 172 kamene ambiri amaphunzirirapo ndi 15 basi. Makampani a ndege amaikanso malire awo, ndipo amawatsitsa msewu ukanyowa kapena wothandizira woyendetsa akakhala watsopano pantchito. Mlongo wanga amene mwalemba kuti masiku ano ndege zimatera zokha ndi kompyuta, n'zoona kuti zina zimatha, koma zimenezo zimathandiza kwambiri pa nkhungu. Malire a mphepo yammbali amene kompyuta imaloledwa kutera nawo ndi otsika kuposa a munthu. Mphepo ikalusa amazimitsa makinawo n'kugwira ndi manja.

Zikalakwika zimaoneka bwanji? Pa 1 Malichi 2008, A320 ya kampani ya Lufthansa yochokera ku Munich inkatera ku Hamburg, m'dziko la Germany, pa tsiku la namondwe. Pomwe ankawongola mphuno, mphepo inanyamula phiko lakumanja, nsonga ya lakumanzere n'kukhula phula. Oyendetsa anakankha mphamvu zonse za injini, ananyamukanso, anazungulira n'kudzatera pa msewu wina wa bwalo lomwelo. Palibe amene anavulala. Kavidiyo kake kadakali pa YouTube, monganso aja a pa bwalo la Heathrow ku London a mu Febuluwale 2022 pa namondwe Eunice, pomwe ndege zinkafika pafupi ndi pansi n'kubwereranso m'mwamba anthu zikwizikwi akuonerera pa intaneti.

Kubwerera m'mwambako, kumene amakutcha go-around, ine ndimakuona ngati gawo lofunika kuposa kuponda pedulo kuja, ngakhale kuti n'kumene kumaliritsa anthu m'ndege. Injini zimabangula, msana umakanikizika pampando, ena amayamba kuitana Yesu mokweza. Chonsecho ndi chinthu chimene oyendetsa amachibwereza m'makina ophunzirira nthawi ndi nthawi, ndipo asanayambe kutsika amakhala atagwirizana kale awiriwo kuti zikapanda kukhala bwino adzachita chiyani. Aliyense mwa iwo, ngakhale wamng'ono paudindo, akaona kuti ndege yachoka pakati kapena phiko lapendama kwambiri, ali ndi ufulu wolamula kuti anyamukenso. Kampani yanzeru simulanga munthu chifukwa chobwerera m'mwamba. Woopsa ndi uja amene amakakamira kutera poopa manyazi kapena poopa kuchedwetsa mabwana.

Akayesa n'kuona kuti mphepo sikugonja, amapita ku bwalo lina. Lamulo limafuna kuti ndege inyamuke ndi mafuta okwanira kufika kumene ikupita, kukafika ku bwalo lina lomwe anasankhiratu, n'kutsalabe ndi ena apadera. Ndiye mukadzapita ku Lumbadzi kukachingamira m'bale wanu wochokera ku Johannesburg, kunja kutada bii ndi mtambo, n'kumva kuti ndege yake yakatera ku Chileka, musathamangire kulemba pa Facebook kuti yasokera. Ingomuuzani dalaivala wa galimoto mwabwerekayo kuti ku Salima mubwerera usiku, ndipo mukambirane za mtengo mtima uli m'malo.