Mawu okunyozani m'mutumo ndi a ndani?

Achemwali amene mwafunsa kuti munthu angayambe bwanji kudziona wofunika pamene banja latha, ntchito yatha, ndipo m'mutu mukungomveka kuti "ndine wachabechabe", funso lanu ndaliwerenga kawiri. Ambiri akuyankhani kuti muzidzikonda. Sakunama, koma ineyo mawu amenewo sanandithandize, chifukwa mtima sulamulidwa kuti umve zimene sukumva.

Ndinagwirapo ntchito zaka zinayi kwa bwana wina wokonda kunyoza anthu pagulu. Ndikangolakwitsa pang'ono, ankati, "Iwe mutu wako sugwira eti?" anzanga onse akumva. Nditasiya ntchitoyo ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Ayi ndithu. Tsiku lina ndili pamzere, bambo wina anandiponda phazi, koma amene anati "pepani" ndinali ine. Iwo anangondiyang'ana n'kutembenuka. Ndinaima pamenepo chala chikuwawa, ndikudzifunsa kuti kodi ndapepesa chiyani? Apo m'pamene ndinazindikira kuti bwana uja ndinachoka naye, amakhala m'mutu mwangamu osalipira lendi.

Ndiye choyamba, achemwali, mawuwo akabwera muwamvetsere bwino. Akulankhula ngati ndani? Mwina ndi amuna anu aja, mwina mphunzitsi, mwina kholo limene linkakuyerekezani ndi mwana wa eni. Palibe khanda limene limabadwa likudziona lopanda pake. Zimenezi timachita kuphunzitsidwa.

Dokotala wina wa ku America, Aaron Beck, anaona m'zaka za m'ma 1960 kuti anthu ovutika maganizo amakhala ndi timaganizo tongobwera tokha mwachangu, ndipo amatikhulupirira osatifufuza. Chithandizo chimene anayambitsa, chomwe lero chimadziwika kuti CBT, chimaphunzitsa munthu kugwira ganizo lotere n'kulifunsa umboni. Ine ndinayamba ndi kope wamba. Ganizo likati "palibe chimene umatha", ndinkalilemba, kenako pansi pake n'kulemba zimene ndachita sabata imeneyo: ndasamalira wodwala usiku wonse, ndabweza ngongole, ndaphunzitsa mwana kuwerenga. Poyamba ndinkadziseka ndekha, zinkaoneka zachibwana. Koma bodza likalembedwa papepala limachepa mphamvu.

Komabe samalani, kope lija lisasanduke sikelo yoyezera ulemu wanu. Ntchito yake n'kutsutsa bodza basi. Ulemu wa munthu sachita kugwirira ntchito. Pa 10 December 1948, patangopita zaka zitatu nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, mayiko a bungwe la United Nations anakumana ku Paris n'kuvomereza chikalata cha ufulu wachibadwidwe. Ndime yake yoyamba imanena kuti anthu onse amabadwa aufulu ndiponso ofanana pa ulemu ndi ufulu wawo. Anthu amene analemba chikalatachi anali ataona zimene zimachitika ena akayamba kuonedwa ngati zinyalala, n'chifukwa chake anauika ulemuwo pa kubadwa, malo amene palibe angaulande. M'chikalatamo mulibe mawu akuti "okhawo ali pabanja" kapena "okhawo ali pantchito".

Chimene ine ndinaona n'chakuti zochita zimatsogola, mtima umabwera pambuyo, ndipo umabwera mochedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasiya kupepesa ndisanalakwe. Ndinaphunzira kunena kuti "ayi, sindikwanitsa" osawonjezera zifukwa khumi. Mnzanga wina amene nthabwala zake zonse zinali zonyoza ine ndinamuuza kuti sindizikonda. Anakwiya, ndipo mpaka pano sitiyenderana kwenikweni. Zinandiwawa, sindikubisirani, koma tulo ndinayamba kugona.

Ngati maganizowa afika poti simukudya, simukugona, kapena mukuganiza zodzipha, musalimbane nawo nokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala, chifukwa amenewo ndi matenda ndipo chithandizo chake chilipo. Ngati sizinafike pamenepo, yambani ndi kakang'ono: mawa werengani kuti mwanena "pepani" kangati, ndipo mwa amenewo ndi angati amene munalakwadi. Mudzatiuze muno. Ine tsiku loyamba ndinapeza 14, koma cholakwa chenicheni chinali chimodzi.